Mtanda wa Ufa wa a Phulusa

Amene tikuwagoneka lero ndi bambo Evaristo Elizondo Treviño, omwe kuno ku Santa Rita del Mezquite timawadziwa ndi dzina loti a Phulusa. Anabadwa m'chaka cha 1956 ku Nueva Rosita, m'chigawo chathu chino cha Coahuila. Bambo awo ankakumba malasha, ndipo malemuwa ankakonda kunena kuti ntchito inagawidwa bwino: kholo kukumba, ena kuwotcha, mwana kutola zotsala.

Sukulu ya pulayimale ndi sekondale anaphunzira kwawo komweko, kenako anapita ku yunivesite ku Saltillo kukaphunzira sayansi ya kemisitiri. Atamaliza analembedwa ntchito pa fakitale yopanga magetsi imene utsi wake mukuuona kumbuyoku. Ntchito yawo inali kuyeza phulusa la malasha lisanakatayidwe. Iwo ankayeza, mulu wa phulusa n'kumakula, mpaka unasanduka phiri.

M'chaka cha 1984 anamanga banja ndi mayi Herminia Bautista, ochokera kutali ku Actopan. Mayiwa amati anakwatiwa ndi mnyamata wa tsitsi lakuda amene madzulo aliwonse ankabwera ndi imvi, n'kukazisiya kubafa.

Patapita zaka, madzi a m'zitsime zathu anapezeka ndi mtovu, ndipo mtovuwo unapezekanso m'magazi a ana. Aliyense ankaloza phiri lija. Malemuwa analiyang'ana nthawi yaitali, n'kudzifunsa funso limene linawadyera moyo wonse: kodi phulusa limene laipitsa madzi silingathenso kuwayeretsa? Anasiya ntchito pafakitale, n'kuyamba kuphunzitsa masana kuti banja lidye, nthawi yotsala n'kumaphika phulusa.

Ankalisakaniza ndi soda wowotcha khungu uja, kuliphika mumphika wotseka, kulitsuka mpaka soda yense atatha, n'kuliumitsa. Ankafuna ufa wotchedwa ziolaiti, wokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timakola mtovu madzi akamadutsa. Zaka zoyamba mumphikamo munkatuluka matope okhaokha. Ataboola mapoto awiri a nyemba, mayi Herminia anawatulutsa m'khitchini. "Bambo a Nereida, ngati mwaganiza zophika dothi, kaphikireni kukhola la mbuzi," anatero. Kholalo ndilo linakhala malo awo ogwirira ntchito mpaka imfa, mbuzi n'kusamukira pansi pa mtengo.

Amuna apasitolo ankawakuwa akamadutsa ndi wilibala: "A Phulusa, ndiwo zake n'chiyani lero?" Iwo ankayankha kuti asadandaule achimwene, nawonso ndi phulusa, tsiku lina adzalowa mumphika womwewo. Kusekako kunatha pamene ufa unatheka, n'kuikidwa m'sefa ya madzi ya kusukulu, ndipo mtovu m'magazi a ana unayamba kutsika.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachibwereza mpaka anthu kutopa nacho. Ufawo umakhuta. Ukakhuta sukolanso kanthu, koma madzi amatuluka oyera chimodzimodzi, osanunkha, osawawa, moti palibe angadziwe. N'chifukwa chake chaka chilichonse, mvula isanagwe n'kukokololera mtovu wa kuphiri m'zitsime, ankapita okha kusukulu kukachotsa wakale n'kuika watsopano.

Malemuwa anali Mkatolika wokhulupirika, ndipo anaimba kwaya zaka zambiri ngakhale anzawo ankawapempha kuti aziima kumbuyo. Lachitatu Laphulusa lina, wansembe atawapaka pachipumi n'kuwakumbutsa kuti ndi fumbi, iwo anafunsa monong'ona kuti fumbi lake la mtundu wanji, poti lina lili ndi ntchito. Wansembeyo anawapatsa chilango cha mapemphero, koma ndi yemweyo amene anadzadalitsa sefa ya kusukulu.

Chaka chatha chifuwa chinawayamba. Madokotala ku Monterrey anapeza kuti mapapo awo adzaza fumbi limene anapuma zaka zonsezi. Iwo anangoti ndiye kuti nawonso akhuta, kungoti alibe munthu wodzawasintha ufa. Mwezi wathawu, akupuma movutikira, anaphika mphika wotsiriza. Munatuluka kandowa kamodzi, kokwanira sefa ya kusukulu imene nthawi yosintha ufa wake inapitirira kale. Phulusa lina kukhola kulibe, ndipo chilolezo chokatapa kuphiri chinali m'dzina lawo. China kuti chituluke padzadutsa miyezi, mvula itagwa kale. Anati akangopezako bwino apita nako okha kandowako. Lachiwiri m'mawa anatisiya, kandowa kali kukhola.

Kwawo kwa mayi Herminia, munthu akamwalira amalemba mtanda wa laimu pansi pa bokosi, kuti uyamwe zoipa za imfa zisagwire otsala. Mtandawo umakhala pansi masiku asanu ndi anayi a mapemphero, kenako amausesa mwaulemu n'kukaukwirira pamanda a mwini wake. Mayiwa sanagule laimu. Anapita kukhola, anatenga kandowa kaja, n'kulemba mtanda waukulu kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Sanasokoneze, ankadziwa chimene anyamula.

Mwana wawo Nereida, yemwe amaphunzitsa pasukulu yomweyo, ataona anawakokera pambali n'kuwafunsa ngati akudziwa kuti ufa wina palibe. Mayi anayankha kuti: "Moyo wawo wonse ufa umenewu wayamwa zoipa za anthu ena. Uyamweko za mwini wake."

"Amayi, abambo sadzamwanso madzi," anatero Nereida.

Mayi anangoyatsa kandulo kumutu kwa mtandawo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanayankhulane. Nkhaniyi ikunenedwa pano onse awiri atavomera, aliyense poganiza kuti anthu akamva adzakhala mbali yake. Amene amadziwa za ufawu akuti ukhoza kutsukidwa n'kugwirabe ntchito. Amene amadziwa za mwambo akuti mtanda wosakwiriridwa umasiya malemu panjira. Munthu amene akanatha kumasula mfundo yotereyi, mwina akuseka, ndi amene ali m'bokosimu.

Malemuwa asiya mkazi wawo, mayi Herminia. Ana awiri, Baldomero ndi Nereida. Mlongo wawo, mayi Amparo. Ndi adzukulu anayi, omwe awiri mwa iwo amamwa madzi pampopi wa kusukulu kuja tsiku lililonse.

Bambo Evaristo apumule mu mtendere, ngati tiwalole kutero. Mtanda udakali pansi m'nyumba mwawo, mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo tsiku losesa likubwera. Tikadzausesa ufawo, tidzabwera nawo kumanda kuno, kapena tidzapita nawo kusukulu?