A Sebiyo ndi Misa ya Ng'oma

Amene tikuwaika m'manda lerowa ndi bambo Eusebio Landeros, amene ife, dzinalo litatikanika, tinkangoti a Sebiyo. Anabadwa m'chaka cha 1893 m'tauni ya Leon, m'dziko la Mexico. Ine ndikuwerengane ndine Evance Mbewe, wa m'kwaya yawo.

Za nyimbo anaphunzira kwawo komweko, ndipo ankapeka nyimbo zoimbidwa ndi magulu akuluakulu a malipenga ndi zing'wenyeng'wenye. Matchalitchi atatsekedwa kwawoko mu 1926, anathawira ku Ulaya. Kuno anafika mu 1931 pamodzi ndi ansembe, atanyamula limba lopopa ndi mapazi.

Mu 1935 anakwatira mayi Estere Nabanda a kwa Kabudula. Chichewa anachidziwa bwino, koma khasu linawakana mpaka imfa.

Ntchito yawo inali yophunzitsa kwaya pamishoni pano. Nyimbo imene anaikapo mtima wawo wonse ndi Misa ya ng'oma. Kaimbidwe ka ng'omazo anaphunzira kwa alamu awo a Chikoti, oimba mbalule, ng'oma yotsogolera ku gule wamkulu. A Sebiyo atamaliza Misayo mu 1949, akuluakulu a mpingo anati ng'oma ya kugule singalowe m'nyumba ya Mulungu. A Sebiyo sanakangane. Anatiphunzitsabe mawu ake onse, ndipo tikafika pamene ng'oma iyenera kulira ankangokweza dzanja, ife n'kukhala chete, iwo akugwedeza mutu ngati akuimva. Chaka ndi chaka ankakapempha chilolezo, yankho lili lomwelo. Misa yawoyo sanaimveko yathunthu.

Chifuwa chinawayamba nthawi yothyola fodya. Anagonekedwa kuchipatala ku Lilongwe, ndipo anatisiya dzana, pa 12 Juni 1957. Ine chimvereni uthengawu misozi sikutuluka, ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

Dzulo tinakapemphanso chilolezo cha ng'omayo kwa akuluakulu a mpingo, anatiuza kuti ayi. Choncho tiimba Misayo pamanda pano monga anatiphunzitsira. Mukamva takhala chete, musati taiwala mawu.

Malemu asiya akazi awo, mayi Estere; ana atatu, Fabiano, Chrissy ndi Zelifa; zidzukulu zisanu; mlongo wawo ku Mexico, amene mpaka pano sakudziwa kuti kuno kuli maliro; ndiponso alamu awo a Chikoti, amene mukuwaona aima kuseri kwa mpanda uko, ng'oma ataifunditsa nsalu.

A Sebiyo athu apumule mu mtendere.