Wandevu pa Mkanda wa Zohra

Ku Makthar, m'dziko la Tunisia, kumene bondo langa linandimanga miyezi itatu, ndinkaswera pa shopu ya a Lotfi, osula siliva. Mmawa wina anatulukira a Belgacem, mlimi wa maolivi, atafumbata kandalama kasiliva ka Aroma akale kamene pulawo inafukula m'munda mwawo, akufuna kakhale pakati pa mkanda wa mwana wawo Zohra, amene ankakwatiwa Lachinayi.

"Boolani, mulumikize," anatero a Belgacem. "Koma wandevu ali apayu mumchotse. Mwana wanga sangalowe m'banja ndi mwamuna wachilendo pachifuwa."

A Lotfi anaika galasi padiso. "Imeneyi ndi mfumu yawo, bambo. Inafa kalekale."

"Wakufa amatsinzina. Uyu akuyang'ana!"

"Akuyang'ana kumbali. Kumbaliko kudzakhala azakhali ake."

"Ameneyonso ndi mlongo wanga!"

"Ngati vuto ndi ndevuzi, ndizipala ndi tupa."

"Palani!"

"Atsalatu kamnyamata kosalala, kokongola bwino."

"Iii! Ayi! Bwezeranipo msanga!"

"Sindinayambe, bambo."

A Belgacem anavula chipewa, napukuta thukuta. "Chabwino. Chotsani diso."

"Ali nalo limodzi lokha. Ndikalichotsa aziyenda mopapasa."

"Apapase mwana wa yani?" Anamenya tebulo, makapu a tiyi nkulumpha. "Tembenuzani basi! Abisike kuseri, alendo asamuone."

"Zitheka. Kungoti mphuno yake ikhala yogunda khungu la Zohra tsiku lonse."

"A Lotfi, kodi inu muli ndi ana aakazi?"

"Atatu. Onse anavala mikanda yopanda anthu."

A Belgacem anapumira m'mwamba. "Nanga tikatembenuza, alendo aona chiyani?"

"Mzimayi. Mulungu wawo wachikondi. Wayedzamira chipilala, watipatsa msana."

"Mzimayi, bola. Wavala?"

"Nsalu ali nayo."

"Alhamdulillah!"

"Ili m'maondo."

Ngakhale ine ndinasiya kutakasa tiyi.

"Tapatseni galasilo," anatero a Belgacem.

Analitenga, napita pakhomo pamene panali dzuwa. Anayang'ana. Anapukuta kandalamako ndi malaya, nayang'ananso. Bulu wawo analira panja kawiri konse, eni ake osamumva.

"Anthu opanda manyazi," anang'ung'udza, diso lili pomwepo. "Opandiratu."

"Ndiye ndiwapale onse awiri?" anafunsa a Lotfi, tupa ili m'manja. "Patsala kabatani koyera, kopanda mlandu."

"Ikani pansi chitsulocho!"

"Nanga Zohra?"

"Zohra avala mkanda wa mayi ake, alibe vuto. Inu boolani pamwamba apa, mosamala, musamkhudze mutu mayiyu. Mupise chingwe chachitali."

"Chachitali bwanji? Khosi la Zohra ndi laling'ono."

"Ndani wanena za Zohra? Wandevuyo ayang'ane kunja. Ndivala ndine."