Makala Osauma a Akamwini Anga

Akamwini anga amaumba makala ndi utuchi, makoko a mtedza ndi phala la chinangwa, n'kuwayanika pa malata kuseri kwa nyumba, ndipo akachoka mlonda wake ndine. Tsiku lachinayi chiyanikire makalawo ndinawapeza akufinya khala limodzi, madzi ali chuchuchu, chonsecho mayi wophika buledi anali atanenetsa kuti akapanda kuwapeza ouma mawa, abwerera ku nkhuni zake.

"Amayi, kodi ine kulibe kumagwa mvula kuno?"

"Ngakhale dontho, bambo."

"Ndiye ndi utuchiwu basi. Kalipentala uja wandipatsa wa mtengo wauwisi."

"Musamunamizire mwana wa eni. Bodza limabweza mwayi."

"Kapena phala ndinachulutsa?" Ananunkhiza khalalo. "Ayi, dzana ndinachepetsa, n'kumangofumbutuka. Nanga ana? Saseweretsa madzi pano?"

"Ana? Angayerekeze! Ndinawalembera mzere ndi ndodo. Ngakhale nkhuku siidumpha."

"Ndiye palibe amene amafika pamalatapa?"

"Ine ndekha. Katatu pa tsiku."

"Mwachita bwino, amayi. Mumawatembenuza?"

"Ndikatha kuwaza, eee."

Anayamba kugwedeza mutu movomera, kenako mutuwo unaima.

"Kuwaza chiyani?"

"Madzi, bambo. Ndimaviika tsache mu ndowa kuti afike paliponse. Dzuwa likafika paliwombo ndimangokhuthula ndowa yonse."

Akamwini anavula chipewa, n'kuchivalanso. Munthu waulemu, mawu ake amawatafuna kaye.

"Amayi... chifukwa chiyani?"

"Si inu munamuuza mayi wa buledi pakhomo apo? Munati, 'Awa akangouma amayaka ngati palafini.' Ndinamva ndi makutu angawa."

"Kumene kuja kunali kutsatsa malonda!"

"Ndiye munanama?"

"Sindinaname, koma..."

"Ehee! Palafini pa malata otentha, dzuwa lili phwee, zenera la chipinda cha adzukulu anga lili pomwepo. Ine sukulu sindinapondeko, koma moto ndimaudziwa. Sugogoda."

"Amayi, makala sayaka okha. Amafunika kuuma kuti agulidwe."

"Aume ali kwa mwini wake."

"Sangagule onyowa!"

"Wochenjera ameneyo. Akufuna ngozi itsalire kwa ife."

Anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, mitambo kulibe.

"Chabwino. Ndiwayanika padenga."

"Mayo ine! Pamwamba penipeni pa ana? Ndiye tidzathawira kuti, pansi pa bedi?"

"Makwerero ali kuti?"

"Ndinawapereka kwa aneba chaka chatha. Munthu wa ana atatu sakwera zinthu."

"Ndawafunafuna miyezi isanu ndi umodzi!"

"Ndipo simunathyoke mwendo. Mwaona?"

Apa anapisa m'thumba n'kutulutsa machesi. Ine ndinabwerera m'mbuyo, dzanja pamtima.

"Bambo, bambo! Mphepo ikulowera kunyumba!"

"Taonani bwino, amayi. Ndikuonetseni kuti khala si palafini."

Anakhwatcha kamtengo, n'kukaika pansi pa khala. Kanangoti tsii, n'kuzima. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu kanawatentha chala.

"Mwaona? Ngakhale ndi machesi sakuyaka! Nanji dzuwa?"

"Ndaona, bambo. Ndipo musavutike n'kuthokoza, ndine kholo lanu. Msana wokha ndi umene ukundipweteka, mpopi uli kutali."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo, osasamala za buluku lawo loyera, n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Amayi, chonde, dzuwa likadalipo. Ndowa ipume lero lokha. Ndikhala pano ine mwini, maso pa makala, mpaka madzulo."

"Mulumbire kuti simuphethira."

"Ndalumbira. Koma akapanda kuuma, mayi wa buledi ndimuuza chiyani mawa?"

"Zoona zokhazokha, bambo, malonda ake ndi omwewo. Mumuuze kuti makala a anthu ena amatentha nyumba, koma anuwa nyumba ikapsa amazimitsa."