Chidebe cha a Ottilia

Olemekezeka akulu a zaumoyo m'boma lino la Vubwi, a Khansala athu, mafumu, a Sumani amene munapereka malata, anamwino athu a Clement, amayi ndi abambo: lero Lachisanu, pa 14 Juni 2024, landirani ulemu wanga.

Ine sukulu ndinalekezera giredi 7, ndipo mawu anga safika patali, akumbuyoko mundikhululukire. Mwandiika pampando uwu chifukwa njerwa za chipinda ichi choyezera BP ndi shuga ndinaumba ndine. Ndathokoza, komabe ndikanakonda kukhala pansi pambali pa akazi anga, wina n'kumayankhula pano.

Akazi angawo, a Ottilia, ankamwa mapiritsi a BP. Mu Epulo chaka chatha anabwera kuchokera ku Katete ndi chidebe cha tiyi wowawasa uja, kombucha, pamwamba pakuyandama chinthu chonga bowa. Anawapatsa ndi anzawo akumpingo, akuti bowayo sagulitsa, amangogawana, ndipo amachotsa BP, shuga ndi nyamakazi. Nditawafunsa za mapiritsi anaseka, amvekere: "Bambo a Davide, ine ndi mapiritsi ukwati watha." Pa 9 Ogasiti anagwa pakhonde akuswa mtedza, ndipo sanayankhulenso.

Mikangano ndimaimva: ena akuti chakumwachi chimaledzeretsa, ena akuti chimapatsa amuna mphamvu. Ine sindinachiyeze, choncho sindinganene kuti tiyi anapha munthu. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi mapiritsi osatsegula, atasomekedwa padenga. Amene ankawalimbikitsa aja anabwera kumaliro, anaimba bwino ndithu, ndipo mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene wanena kuti analakwa. Ena mwa iwo ali pompano, aomba m'manja pamene ndimaimirira.

Pogawa katundu wa malemu, zitenje zinapita kwa azakhali, mapoto kwa ana, koma chidebe chija anatenga ndi ang'ono awo, a Judith. Nditapempha kuti chitayidwe, anandiuza kuti mkamwini sayankhula pa katundu wa eni mbumba. Bowa uja akudyetsedwa shuga mpaka lero, mwini wake ali kumanda. A Judith nawonso ali ndi BP, ndipo kukiliniki kuno anasiya kubwera.

Mlamu, musabise nkhope m'chitenje. Kunyumba ndinakuuzani, inu munati chisoni chandisokoneza mutu. Ndiye ndanenera pagulu. Tiyiyo imwani ngati mukumufuna, sindikulandani. Koma mayi amene watsalira ana a Ottilia ndinu, ndipo ine njerwa za manda ena sindiumbanso.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda ichi chatsegulidwa. A Clement, mpando woyamba musapatse a Khansala. Ine ndiima pakhomo pano kufikira a Judith atalowa.

Zikomo kwambiri.