Mayi Rozaria Sitima ndi Njinga ya Odwala

Malemu mayi Rozaria Sitima anabadwa pa 6 Juni 1948 kufupi ndi Fort Lister, kwa makolo ochokera ku Mozambiki. Sukulu analekezera Sitandade 4. Mu 1967 anamanga banja ndi bambo Cornelius, ndipo ankalima chimanga ndi nandolo.

Napolo wa 1991 anawasiya wamasiye. Amuna awo anavuulidwa m'matope ali amoyo, koma anatsirizika panjira chifukwa chosowa chowathamangitsira kuchipatala. Chisoni chimenechi ndicho chinabala Thumba la Tikondane, limene malemu anayambitsa mu 1993. Pokolola, khomo lililonse linkasonkha mbale ya nandolo, ndipo mu 1996 thumbali linagula njinga yokoka kangolo konyamulira odwala. Lamulo la malemu linali limodzi: munthu athandizidwe akadali kupuma.

Mu 1999 a komiti ya thumbali anawachotsa pampando, ati ndi achikale. Atsogoleri atsopanowo anazindikira msanga kuti ukazonda wodwala palibe amakuona, pomwe pamaliro dzina lako limatchulidwa pakati pa khamu. Nandolo wa amphawi anayamba kuthera kogula mabokosi ndi nkhata. Njinga ija matayala atatha, anaitsamiritsa pakhonde, nkhuku n'kumaikira mazira m'kangolomo. Malemu anadandaula mpaka malovu kuuma, koma ankangowaseka. N'zonyansa ndithu, ndipo ife abanja sitichita manyazi kunena pamaso pa mafumu.

Mu Januwale chaka chino cha 2004 malemu anayamba kumva kuwawa m'chifuwa. Wa komiti sanaponde pakhomo pano ngakhale mmodzi. Lolemba lapitali matenda atakula, ana awo anathamangira njinga ija, koma anakaipeza itachita dzimbiri. Tinawanyamula pachitseko, ndipo anatisiya tisanafike kuchipatala cha ku Chiringa.

Dzulo a komitiwo anafika atamanga mataye, atasenza bokosi lonyezimira la galasi, n'kutinong'oneza kuti tisaiwale kuwatchula maina pothokoza. Sitiwatchula.

Malemu asiya ana atatu, a Violet, a Lekani ndi a Owen, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza mafumu, ampingo, adzukulu amene akumba manda, ndi amayi amene apirira utsi kuyambira dzana. Tikuthokoza abambo amene anasenza chitseko chija osadandaula mapewa, ndi bambo Goodman amene akhoma bokosi la matabwa wamba limene mayi agonamoli.

A komiti, bokosi lanu lili kuseri kwa nkhokwe. Kalibwezeni kumene munaligula, mubwereko ndi matayala, chifukwa m'mudzi muno mudakali odwala.

Mzimu wa mayi athu uuse mumtendere, kumene kulibe komiti.