Anati Nkhuku Ikwana

Linali Loweluka, mu Juni 1942, dzuwa litapendeka, pamene akuchimuna anabwela kwathu ku Mphamba kudzakamba za malowolo a mwana wanga wamkazi. Amalume a mnyamatayo, mkulu wa mpingo wathu, anamwetulila nati, "Adada, mwana wa akapolo sitimlowola ndi ng'ombe. Nkhuku ikwana."

Mwanayo anamva ali pakhonde. Amalumewo ndinawatukwana pamaso pa onse.

Madzulo akulu a mpingo anandilamula kuti ndikapepese mnzawoyo, apo ayi ndiiwale za mgonelo. Ndinafunsa, "Nanga mawu awo aja?" Anandiyankha kuti munalibe chotukwana.

Omvela anzanga, mawu otuluka ndi kumwetulila nawonso amapha. Mulungu ndinamupepesa. M'mawa mwake ndinakabweza ndekha khadi langa la mgonelo.