Kabotolo ka Chinanazi M'kabati ya Amai

Moni nonse abale ndi alongo, inu amene mumanditsata chifukwa chondikonda, ndi inu amene mumanditsata kuti muone pamene nditagwere. Nonse ndakuonani. Ine ndine Masauso, munthu woyamba m'boma lonse la Chadiza, kuchokera ku Zemba mpaka ku Mlolo, kutsegula fakitale yopanga madzi a fodya wamagetsi uja mumati vepu. Mbiri ya sayansi kuno kum'mawa ikadzalembedwa, nkhope yanga idzakhala pachikuto. Fakitaleyo inali shelefu imodzi m'kabati ya Amai, kuseri kwa makapu a alendo, ndipo makasitomala anali awiri. Mmodzi ndinali ine. Lero ndabwera ndi umboni wa momwe fakitale imeneyi inatsala pang'ono kugoneka ana a tawuni ino m'chipatala, Mulungu n'kulowererapo.

Mukudziwa kuti ndinali ku koleji ku Chipata. Anthu amati ndinalephera, koma si zoona. Ine ndi koleji tinangosiyana maganizo pa nkhani ya mayeso, ndipo popeza koleji sikanatha kunyamuka, ndinanyamuka ndine. Ndinabwerera kunyumba ndi chikwama, bulangete ndi kachipangizo ka vepu.

Kwa amene simukadziwa, kachipangizoka sikayaka moto. Kamangotenthetsa madzi n'kutulutsa nthunzi, ndipo madziwo ndiwo ntchito yanga. Umasakaniza gilisalini, osati wodzola uja alongo athu amapaka m'chisanu, koma wakewake woitanitsa ku Lusaka pa basi, ndi madzi ena opyapyala onyamula fungo, kenako fuleva. Shuga ayi, mafuta ayi. Zimenezi ndinaziphunzira nditapsereza kachipangizo kanga ndi uchi. Pomaliza, kwa ofuna, umadonthezamo nikotini. Ameneyu ndiye alibe nthabwala. Akakugwera pakhungu umachita chizungulire, ndipo mwana akamwa ndi nkhani ya kuchipatala, mwinanso kupitirira pamenepo.

Kasitomala wanga weniweni anali a Mwale, mphunzitsi wa ku Pembamoyo, amene akhala akusuta ndudu kuyambira ine ndisanabadwe ndipo ankafuna kusiya. Anapempha fungo la chinanazi, ndi nikotini wamphamvu woti amve pakhosi. Ndinawasakanizira bwinobwino. Koma madzi amenewa sasutidwa tsiku lomwelo, amafuna agone kaye pamdima kuti fungo likhazikike, monga thobwa.

Tsopano imvani. Kwathu botolo silitayidwa. La mafuta ophikira limasanduka la palafini, la mayonezi limasunga mchere, ndipo wotaya botolo amaonedwa ngati wataya ndalama. Amai amagulitsa mafiliziti, madzi otsekemera aja oundana m'timapepala tapulasitiki, ndipo mafuleva awo amabwera m'timabotolo ting'onoting'ono. Tikatha amatitsuka n'kutisunga. Ine ndinatenga kamodzi kolembedwa chinanazi, n'kuthiramo madzi a a Mwale, n'kukaika m'kabati. Chinanazi m'botolo la chinanazi. Mpaka lero ndikuti maganizowo anali olongosoka.

Lachisanu ndinapalasa njinga kupita ku Zemba kukafuna malambe, chifukwa ndinali ndi masomphenya a vepu wa fungo la malambe. Ndinagona kwa amalume, n'kubwerako Loweruka dzuwa litakwera. Nditatsegula kabati, kabotolo kaja panalibe. Mlongo wanga Tisa ankachapa panja.

"Kachinanazi kaja? Amai akathira m'mafiliziti dzulo," anatero osatukula n'komwe mutu. "Akuti kanali kokhuthala bwino, osati tamadzimadzi ta masiku ano."

"Analawa?"

"Alawe bwanji ali pa kusala? Akusalira inu nomwe, achimwene, kuti mubwerere ku koleji."

Abale, Amai sagulitsa chinthu asanalawe. Akanangoika dontho palilime akanamva kuwawa n'kutaya zonse. Koma sabata imeneyo sankaika kanthu m'kamwa mpaka madzulo, chifukwa cha ine. Tisa anati mafilizitiwo anakagona m'firiji ya mnzawo kumsika, ndipo m'mawa Amai awatenga kupita nawo kubwalo la sukulu, kumene kunali masewera a ana.

Sindikumbukira kuti ndinakwera bwanji njinga. Ndikukumbukira kuti malambe anakhuthukira mumsewu ndipo sindinacheuke. M'mutu mwanga ndinkangoona timilomo tachikasu, ana akusanza, makolo akuthamangira kuchipatala atawabereka kumbuyo, ndi Amai, amene sanalakwirepo munthu, atagwidwa dzanja ndi apolisi. Ine amene kutchalitchi ndimakhala benchi lakumbuyo kuti ndituluke msanga, ndinapemphera mokweza pamsewu. Ndinati, "Atate, za kundikhululukira ine tidzakambirana tsiku lina. Lero ingoletsani ana asagule."

Pachipata cha sukulu ndinakumana ndi kamtsikana kakuyamwa filiziti yachikasu. Ndinadumpha panjinga, kulanda, kuponya kutali. Kamwanako kanalira ngati ndakadula chala. Mayi wina anadzuka pambali pa bokosi lake la mafiliziti.

"Iwe, wapenga? Yanga iyo! Wagula kwa ine mwanayo!"

Ndinayang'ana bwalo lonse. Kulikonse kunali ana, ndipo theka la iwo linali ndi chinthu chachikasu kukamwa.

Amai ndinawapeza pansi pa mtengo kuseri kwa golo, nkhope ili gwa. Ndowa yawo inali yodzaza mpaka pakamwa. Magetsi anali atazima kumsika kuyambira dzulo masana osabweranso, ndipo mafiliziti awo onse anali madzi ofunda. Mayi uja wapachipata ali ndi firiji ya sola, ndiye ana onse anathamangira kwa iye. Amai sanagulitse ngakhale imodzi. Koma poti ndi munthu wa Mulungu, anali ataitana ana a Sande sukulu kuti angowagawira ulere. Ana anali atandanda kale pamzere, ndipo Amai anali atatsegula chivundikiro.

Ndinakankhira chivundikirocho pamalo pake n'kukhalapo.

"Choka pandowa yanga."

"Sindichoka, Amai."

"Masauso, ndili pa kusala. Usandichimwitse pamaso pa ana."

Ndinawaweramira kukhutu n'kuwauza zimene zinali m'kabotolo kaja. Amai sanakalipe. Anatembenuka n'kuyang'ana mzere. Woyamba anali Chisomo, mwana wa Tisa, mdzukulu wawo weniweni, atatambasula kale kadzanja. Anauza anawo kuti abwerere, mafiliziti awonongeka. Kenako anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula, chitenje chatsopano osachisamala.

"Ine mawu andithera kudzudzula mzimu wozimitsa malaiti," anatero motsitsa. "Kani amene wazimitsa ndi Mwini wake."

Masana amenewo ndinanyamula ndowa kupita nayo kuchimbudzi cha kunyumba, n'kumang'amba kapepala kamodzikamodzi kukhuthulira m'dzenje. Apa ndilibe nthabwala yoti ndikupatseni. Kapepala kalikonse ndinkakaona kali m'kamwa mwa mwana amene ndimamudziwa dzina.

Ndiye nayi mfundo ya umboni wanga. Tawuni yonse inali kutukwana magetsi. Wogulitsa nyama anataya katundu, ometa tsitsi anakhala manja lende, Amai anadzudzula mdima m'dzina la Yesu. Mdima womwewo ndi umene unapulumutsa Chisomo. Ine ndinapemphera Loweruka, koma yankho linali litafika kale Lachisanu masana, ndisanadziwe n'komwe kuti ndili m'mavuto.

Nkhaniyi inafika kwa abusa athu, ndipo anandipempha kuti Lamulungu ndikaime kutsogolo, ndikanene kuti ndasiya vepu ndipo ndikubwerera ku koleji. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Abusa, bodza paguwa ayi. Mulungu anazimitsa magetsi, sanazimitse fakitale." Ananena kuti apitiriza kundipempherera. Ndinati apitirize, ndaona kuti zimagwira ntchito.

Inu anyamata apamsika amene tsopano mukundiitana kuti Dokotala Chinanazi, itanani. Ndi digiri yoyamba imene ndalandira popanda mayeso. Inu azimayi amene mumakoka ana anu ndikamadutsa, kokani, ndikukumvetsani. Koma sindisiya. A Mwale ndinawasakanizira ena, ndipo m'thumba la malaya awo mulibenso ndudu. Akazi awo amandipatsa moni ndi manja awiri.

Chimene chasintha n'chakuti fakitale inasamuka m'kabati ya Amai. Tsopano ili m'bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, kiyi ali m'khosi mwanga. Timabotolo ndimagula tanga, ndimatikulunga ndi tepi yofiira, ndipo tikatha ndimatiboola n'kutiponya m'dzenje. Amai akaona amagwira pamtima. Iwe amene ukufuna kuyamba ntchito imeneyi, usayambe ndi kugula fuleva. Yamba ndi loko. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli ana komanso mayi wosataya botolo, ganiza kawiri usanalowetsemo nikotini.

Ndikuthokoza Mulungu amene amadziwa pamene pali switchi ya tawuni ino. Ndikuthokoza Amai, amene akusalabe kudya kuti ndibwerere ku koleji, ngakhale ndawauza kuti akungodzivutitsa. Kwa inu amene muli mumdima lero, ntchito yatha, mayeso akukanani, anthu akukulozani chala, musafulumire kutukwana mdimawo. Limbikani. Mwina pali ndowa ina imene Mulungu sakufuna kuti iundane.

Malambe aja sindinawapezenso, mbuzi zinandithandiza. Amai anandilipiritsa shuga wawo ndi timapepala, makwacha 35. Loko ndinagula makwacha 25. Kamtsikana kapachipata kaja ndinakagulira filiziti ina, makwacha awiri, koma mpaka lero kakandiona kamabisa dzanja kumbuyo. Chipulumutso chonsechi chinanditengera makwacha 62.